Ndani Akudinda Mabuku Akale?

Chidziwitso chinamatidwa pa bolodi ya pakhomo la laibulale ya yunivesite Lolemba m'mawa, pafupi ndi uthenga wa ambulera yotayika. Chinati buku lililonse lomwe silinabwerekedwe kwa zaka khumi lichotsedwa, kuti m'chipinda cham'mwamba mulowe makompyuta. Ochotsawo ankangotsegula chikuto chakumapeto n'kuona deti lomaliza lomwe linadindidwa pamenepo.

Pofika Lachinayi, mabuku makumi anayi a pamndandandawo anapezeka ndi madeti a sabata yomweyo, inki ili yadzulodzulo. Kompyuta inkakana kuti palibe anawabwereka.

Chidindo cha madeti chinalipo chimodzi chokha, ndipo chinkagona m'dilowa ya bambo wa pakauntala yobwereketsa mabuku. Ophunzira ankawatcha a Bwezani, poti mawu amenewo ndiwo anali moni wawo. Mkulu wa laibulale anawaitanitsa.

"Kiyi wa dilowa muli naye anthu angati?" anafunsa mayiyo, osawapatsa n'komwe mpando.

"Ndekha, mayi."

"Ndiye chidindo chamera miyendo? Mawa ikamakwana 2 koloko mundipatse dzina. Mukalephera, dzina lomwe lipite ku komiti yosungitsa mwambo ndi lanu."

A Bwezani anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi, fayilo yawo ilibe ngakhale kalata imodzi ya chenjezo. Chinawatsalira chaka chimodzi kuti apume, ndipo ankafuna kutuluka ali oyera.

Atabwerera pakauntala, nkhope iliyonse inayamba kuwaonekera mwachilendo. Mlonda wosecha zikwama pakhomo anawapatsa moni kawiri. Bwanji kawiri? Mtsikana wa makompyuta anadutsa akumwetulira yekha, ndipo uyu anali atanenapo kale kuti chidindo ndi cha nthawi ya makolo. Koma maso awo anakhazikika pa pulofesa wina wopuma, amene buku lake la za nthaka linali pamndandanda. Mkuluyu ankakhala patebulo loyandikana ndi kauntala tsiku lonse. A Bwezani anamupititsira nyuzipepala yomwe sanapemphe, n'cholinga choti aone zala zake. Zinalibe inki.

"Mwayamba liti kundikonda chonchi?" anafunsa pulofesayo, akuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

Mawa lake, itakwana 12 koloko, a Bwezani anapachika jekete pampando monga mwa masiku onse, n'kutenga kapu yawo ngati akupita kukamwa tiyi. Sanafike. Anakhota n'kuima kuseri kwa shelefu ya madikishonale, anasolola awiri, n'kuika diso pampatapo.

Pulofesa anali kusinza. Mlonda anali pa foni. Kenako kunamveka kulira kwa kangolo ka mabuku, kwiii, kwiii, mpaka kanaima pakauntala. Wokankha anali mlamu wawo, mchimwene wa malemu akazi awo, amene ntchito yobwezera mabuku m'mashelefu anamupezera ndi iwo omwe. Anapisa dzanja m'thumba la jekete ngati ndi lake, anatulutsa kiyi, anatsegula dilowa, n'kuyamba: pha! pha! pha!

"Alamu."

Mlamuyo sanadzidzimuke n'komwe. Anayamba wauzira inki kuti iume.

"Tiyi watha msanga lero," anatero.

"Mukufuna kundichotsetsa ntchito?"

"Inu? Angakuchotseni ndani? Munabwera ndi maziko a nyumba ino."

"Musandiseke, alamu. Akundifuna 2 koloko ndi dzina."

Apa mlamuyo anaika chidindo pansi. Anatola buku limodzi la chikuto chothothoka, n'kuliika m'manja mwa a Bwezani.

"Ili ndalitola patebulo kasanu sabata ino. Ana a unamwino amalimbirana. Salibwereka chifukwa ndi lolemera ngati njerwa, amawerengera pomwepa. Ili la malamulo ndimalipeza kuseri kwa mabuku a zomera, amabisirana. Inu mumadziwa buku likatuluka pakhomo. Ine ndimalidziwa ndi msana wangawu. Ndiye pepala lanu likuti palibe amawawerenga?"

"Bwanji osakanena?"

"Ndinanena kumsonkhano wa mwezi watha. Anati nkhani za mashelefu tidzakambirana pamapeto. Pamapeto pake anthu anaimirira."

"Nanga ine bwanji osandiuza?"

"Mukanalola?"

A Bwezani anatsegula bukulo. Masamba anali ofewa ndi manja a anthu, m'mphepete muli timizere ta pensulo. Anatsegula lachiwiri, lachitatu, akufunafuna loyera loti amugwire nalo bodza. Sanalipeze. Mlamuyo anali wa kontilakiti ya chaka ndi chaka; dzina lake likangofika ku komiti, basi, kwake kwatha. Komabe munthuyu anali atawapisa m'thumba masiku anayi, uku madzulo alionse akuyenda nawo limodzi mpaka pokwerera basi.

"Siyani kangoloka pompa," anatero. "Ndipo kiyi wanga bwezani."

Itakwana 2 koloko anakankha okha kangoloko mpaka mu ofesi ya mkulu uja.

"Ndinati dzina, osati katundu," anatero mayiyo.

"Chidindo ndi changa, mayi, kiyi ndi wanga. Lembani langa. Koma musanalembe, tatsegulani awa."

Mayiyo anatsegula mabuku atatu, pang'onopang'ono. Kenako anawayang'ana a Bwezani nthawi yaitali.

"Inu simudinda mokhota chonchi," anatero. "Mukubisa ndani?"

"Dzanja likukalamba, mayi."

A Bwezani anatuluka patapita theka la ola. Kuchotsa mabuku kunaimitsidwa kwa mwezi umodzi, kuti ayambe awerenga kuchuluka kwa mabuku otoledwa pamatebulo. Chidindo chinatsala pa desiki ya mkuluyo, ndipo kalata ya chenjezo inali yoti a Bwezani aisainire Lolemba.

Mlamu uja anali kudikira pamasitepe, akupukuta manja pa thalauza.

"Mwanditchula?"

"Kangolo kanu kali uko. Kakulira kwambiri, kathireni mafuta."

"Alamu, ndafunsa ngati mwanditchula."

A Bwezani anavala jekete, n'kumanga mabatani onse atatu ngakhale kunkatentha, ndipo anabwerera pakauntala pomwe ophunzira anayi anali atafola kale.