Denga Lomwe Silinamwe Madzi

Mmisiri anagogoda denga la konkire ndi hamala kachitatu, khutu ataliyandikiza. Silinalire kuti ngwe! Linangoti phu, ngati munthu wamenya thumba la mchenga.

"Alamu, tatsikani pamakwereropo," anatero kapitawo, yemwe anakwatira mlongo wa mmisiriyo. "Mwapeza chibwenzi kudengako?"

"Dengali silinamwe madzi."

"Linamwa. Pepala lili mu ofesi, masiku onse anachonga."

"Ndiye kuti linamwa ndi pepalalo."

Sukulu yosanja ngati imeneyi anthu a m'tauniyo anali asanaionepo. Simenti inabwera pamalole, zitsulo zonenepa ngati chala chachikulu, makina osakanizira konkire akadali m'mapulasitiki. Panabweranso galimoto ya thanki yoti izithirira denga la zipinda zapansi m'mawa ndi madzulo kwa milungu itatu, poti konkire ikauma ndi ludzu imafumbutuka mkati, kunja ikuoneka bwinobwino. Koma milungu imeneyo mmisiri anamutumiza kukamanga zimbudzi kuseri, ndipo othirira aja anaona kuti kumwambako kulibe maso. Madziwo ankatsukira magalimoto a mabwana, otsala n'kuthirira kapinga wa pageti, yemwe tsopano anali biriwiri.

"Mitengo yochirikizayi ichoke lero," anatero kapitawo. "Lachisanu akuluakulu akubwera kudzadula riboni. Mukufuna ajambulidwe m'nkhalango?"

"Sabata yamawa muno mukhala ana makumi asanu, pamwamba pawo enanso makumi asanu."

"Inu alamu simukhuta. Zaka zonsezi mwakhala mukulira kuti dziko silitukuka chifukwa tilibe zipangizo. Si izi zabwera? Chasowa n'chiyaninso?"

"Munthu woti athire madzi pamalo pomwe palibe womuona. Ameneyo sanabwere palole."

Antchito anaseka, kenaka anayamba kugwetsa mitengo ija. Mmisiri anatsekereza umodzi, wapakatikati pa chipinda. Tsiku lonselo anauzunguliza njerwa, n'kuupaka pulasitala mpaka unasanduka chipilala.

Lachinayi kapitawo atalowa anagwira m'chiuno.

"Chipilala pakati pa kalasi? Ana aziona bwanji bolodi?"

"Aziliona ali moyo."

"Pamapulani palibe chimenechi. Akuluakulu akafunsa ndidzati chiyani?"

"Zoona zake."

"Zoona zake! Kenaka mlongo wanu muzimudyetsa ndinu?"

Mmisiri anapukuta manja pa ovolosi. "Tandiuzani, alamu. Mwana wanu wamkazi uja, amene munamulembetsa kuno, azikhala mzere uti?"

Kapitawo anakweza maso kudenga n'kuwasiya komweko nthawi yaitali, mpaka antchito anasiya kuseka. Atatsitsa masowo, mawu ake anali ouma.

"Chigwetseni. Poonekapo mupakepo penti. Inu alamu, bwezani hamala ya kampani, mukapume."

Lachisanu m'mawa mmisiri anakumana ndi mlongo wake pamsewu, atagwira dzanja mwana uja. Mwanayo anali atavala yunifolomu yothethekera ya sukulu yakale, ndipo ankalowera komweko.

"Mwasochera, achemwali? Kwatsopano si uku?"

"Bambo ake asintha maganizo, achimwene. Akuti kumeneko n'kutali."

Sukulu yatsopanoyo inkaonekera pakhomo pawo penipeni. Yakale inali kutsidya kwa msika.

Mmisiri anawongola miyendo kulowera kusukulu yatsopanoyo. Pageti panali mabuloni, oimba ndi makolo ovala zapaphwando, moti palibe anamuona akulowa m'chipinda chija. Munkanunkha penti. Madesiki atsopano anali ndandanda, ndipo pa desiki yapakati, pomwe panali chipilala, panali kamulu ka mchenga wotuwa, kosadzaza supuni.

Anakapukuta ndi chikhatho.

Kumwamba kunamveka nsapato zambirimbiri. Alendo anali atakwera kukaona zipinda zapamwamba, ndipo wina ananena zoseketsa, onse n'kuwomba m'manja. Mchenga unayambanso kutsika, mwakachetechete, ngati kaulusi kamodzi kowongoka, n'kumagwera pamalo omwe aja.

Mmisiri anazungulira kuseri komwe anaunjika mitengo. Anasankha wolimba, n'kuusenza paphewa ndi makungwa ake omwe, matope akuyoyokera pamalaya.

"Madala, mukupita nawo kuti mtengowo?" anakuwa mlonda. "Simukuona kuti kuli alendo?"

Iye sanacheuke. Anadutsa pakati pa masuti ndi makamera, akufulumira, chifukwa mphunzitsi anali atafoletsa kale ana pakhomo pa chipinda chija kuti alendo awaone ali pamadesiki, ndipo oyambirira anali akulowa.