Tsiku limene analira a Chipewa ali moyo

A Chipewa anali katswiri wa mafilimu. Dzinali analipeza chifukwa mufilimu iliyonse sankavula chipewa, ngakhale akusewera ngati wodwala pabedi la kuchipatala. Koma zaka zinapita, imvi zinabwera, foni inasiya kulira.

Tsiku lina mkulu wopanga filimu anawaitana kuti akayese mbali ya bambo wokalamba. Anabwerako jekete lili paphewa, nkhope itagwa.

"Akuti ndimatha," anauza akazi awo, "koma masiku ano amayamba aona pa intaneti. Pali tsamba limene limatisanja ife osewera potengera kuchuluka kwa anthu otifufuza. Ine ndili kumchira, mayi. Anthu anandiiwala."

Mawu omalizawo anawabaya mumtima mayiwo. Iwo anali ndi saluni ya mipando iwiri, ndipo sanali munthu wopinda manja. Ngati vuto ndi kufufuzidwa, bambowo afufuzidwa basi.

M'mawa mwake, aliyense wodzapangitsa tsitsi ankauzidwa kuti, "Asisi, tatulutsani foni, mulembe dzina la amuna anga, muone zithunzi zawo." Chifukwa chake sankanena, poti manyazi a mwamuna sayanikidwa pasaluni. Chinawapereka ndi nkhope. Akangotchula dzinalo ankakumbukira jekete lija paphewa, misozi n'kulengeza. Tsono inu mukuidziwa saluni, nkhani imalowa yosapesa, n'kutuluka italukidwa. Mayi wina anaona misozi, anaona chithunzi, basi n'kulemba pafoni kuti a Chipewa atisiya.

Pofika Lachisanu, dzina lawo linali litadumpha anyamata onse a mafilimu atsopano patsamba lija. Eni akewo sanadziwe kanthu. Madzulo a tsikulo, mayi atangoweruka kuntchito, bambo akupumula kuchipinda, kunja kunamveka odi. Anthu analowa mwakachetechete, ena osadziwika n'komwe, mpaka pabalaza panadzaza, ena n'kukhala pamasitepe.

"Pepani mayi, tamva zatigwerazi," anatero mkulu wina woyendetsa takisi.

Mayi anazindikira zimene misozi yawo inabala. Anatsegula pakamwa kuti awongole nkhaniyo, koma wa takisi uja anali atayamba kale.

"Bambo anga anali aukali, osaseka ndi mwana. Koma a Chipewa akangotuluka pa TV, ankandiitana kuti, 'Iwe, tabwera ukhale apa.' Ndi nthawi yokhayo imene ndinkatsamira phewa lawo."

Namwino wina anati odwala ake ankakana mankhwala mpaka filimu ithe. Wina anayesa kuyenda ngati a Chipewa, anthu n'kuseka misozi ili mbwee.

Apo m'pamene mayi anaona chitseko cha kuchipinda chitatseguka pang'ono. A Chipewa anali chilili kuseri, osavala nsapato, mutu uli pamtunda, akumvetsera ngati mwana. Mayi ankadziwa kuti kulira munthu wamoyo n'kulakwa, ndipo chikumbumtima chinawaluma. Komabe anatseka pakamwa. Amuna awo anali ndi njala ya mawu amenewa, ndipo anawasiya kuti adye kaye.

Kenaka a Chipewa anavala chipewa chawo n'kutuluka. Namwino anakuwa, wa takisi anatsala pang'ono kudumphira pawindo. Panali kutukwana, kuseka, kukumbatirana, ndipo mayi anapepesa mpaka mawu kusasa.

Anthu atapita, awiriwo anatsala pampando, makapu ali mbwee patebulo. Foni ya bambo inayamba kulira. Mayi anasuzumira.

"Ndi mkulu wa filimu uja, bambo. Yankhani!"

A Chipewa anaigwira foniyo n'kuitembenuza chafufumimba.

"Ilire kaye, mayi. Kuseri kuja sindimamva bwino. Tandibwerezerani zimene ananena wa takisi uja."