Mtsempha wa a Mtonga Unatsala ku Lusaka

A Amock Mtonga a ku Magodi anawachita opaleshoni ya mtima ku Lusaka ali ndi zaka 71. Mitsempha iwiri yodyetsa mtima inali itatseka, ndiye madokotala anawang'amba mwendo kuyambira pa kakolo mpaka m'bondo, kuchotsamo mtsempha, kuudula pawiri n'kuusokerera pa mtima kuti magazi azilambalala potsekapo. Mwana wawo Yunike anasiya benchi lake la mtedza pa msika wa Lundazi n'kubwerera kumudzi kudzawasamalira.

Patapita zaka zitatu, galimoto yoyera inaima pakhomo pawo m'mawa. Munatsika bambo wovala jekete, atanyamula kabokosi kozizira.

"Monire, amama. Ine ndine Steward Phiri, wa kafukufuku wa mtima ku Lusaka. Ndine ndinaimba dzulo kufunsa njila."

Yunike anamupatsa mpando pafupi ndi bambo ake. Steward anafotokoza kuti pa opaleshoni ija panatsala kachidutswa ka mtsempha. Anakasunga mufiriji pamodzi ndi ta okalamba ena mazana awiri, n'kumayeza zimene munthu amatengera kwa makolo m'magazi. Anapeza kuti mwa anthu ena mtsempha wosokerera umakhuthala m'kati n'kutseka msanga. A Mtonga anali m'gulu limenelo. Tsopano ankafuna magazi a ana awo kuti aone ngati nawonso anatengera.

"Munazipeza liti zimenezi?" anafunsa Yunike.

"Chaka chatha, cha mu Janyuwale."

Yunike anaimirira. "Janyuwale wa chaka chatha! Adada awa kuchoka pano kufika ku chalichi amapuma katatu, atagwila pachifuwa. Ndawakweza pa njinga kupita ku kiliniki kanayi, kukauzidwa kuti ndi ukalamba. Inu mukudziwa, muli chete ndi nambala yanga ya foni?"

"Amama, malamulo satilola kuuza odwala zotsatila zisanatsimikizike. Komanso maina tinachotsa, aliyense ali ndi nambala chabe."

"Nambalayo yadziwa bwanji njila ya ku Magodi?"

Steward anatsegula chikwama chake. Anatulutsa pepala la Chingerezi n'kuloza pansi pake, pomwe panali siginecha ya a Mtonga yovomereza kafukufukuyo. Mkuluyo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzanja ndi langa," anatero. "Anandipatsa ndili pa bedi, atandimeta kale pachifuwa. Ndinkayesa ndikuvomela mpeni."

Yunike analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chikwama cha zovala, bulangete ndi kabuku ka kuchipatala. Anagwira bambo ake pa mkono, kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka pa galimoto, n'kuwakhazika ku mpando wakutsogolo. 

"Mwabwela kudzatenga magazi a kwa Mtonga," anatero Yunike. "Tengani onse, pamodzi ndi mwini wake. Mukamuyeze mtima."

"Galimoto iyi sinyamula odwala, amama. Ndingachotsedwe nchito," anatero Steward.

"Ndiye atsitseni nokha. Anthu awa aone."

Anthu anali atasonkhana kale m'mbali mwa msewu. Steward anapita kuseri kwa nkhokwe n'kuimbira bwana wake, mkulu wa kafukufukuyo. Anakangana pa foni pafupifupi theka la ola, ndipo Yunike anamumva akukweza mawu kuti, "Dokotala, bamboyu milomo yachita kuda, ndikumuona ndi maso anga!" Atabwerera anali thukuta lokhalokha. Anaika kabokosi kake kumbuyo, n'kuuza Yunike kuti akwere.

Anagona ku Chipata, n'kufika ku Lusaka tsiku lotsatira. Atawajambula mtima anapeza kuti mtsempha umodzi wosokerera uja unali utatsekeratu, winawo utatsala pang'ono. Wotsalawo anautsegula ndi kawaya n'kuwasinthira mankhwala. Za wotsekawo dokotala anati palibe chochita, mbali ina ya mtima inali itafooka kale. Yunike anamufunsa ngati zikanasiyana akanabwera chaka chatha. Dokotalayo anati mwina. Yunike anamuuza kuti abwereze mawuwo pamaso pa mkulu wa kafukufuku, ndipo anawabwerezadi, mkuluyo atayang'ana pansi.

A Mtonga anabwerera ku Magodi patatha milungu itatu. Kupuma kunayamba kuwayendera bwino, koma khasu sanaligwirenso. Munda wa fodya anaupereka kwa mwana wawo wamwamuna, Misheck.

Steward atabweranso mu Okutobala, Misheck anapereka magazi. Anati ali ndi ana asanu ndipo akufuna kudziwa. Anayamba waumirira kuti pepalalo amuwerengere m'Chitumbuka, ndiponso kuti alembepo kuti chilichonse chimene apeze adzamuuza mwezi womwewo.

Kenako Steward anatembenukira kwa Yunike, jakisoni watsopano ali m'manja.

"Nanga inu, amama?"

"Bwezani m'chikwama," anatero Yunike. "Anthu mazana awili aja, mwawaimbila angati?"

Steward anati khumi ndi anayi.

"Mukamaliza onse mubwele, tikambilane."