Tsiku Lodindidwa pa Khobidi Lachitatu

Patatha masabata atatu titaika maliro a Bambo, mlongo wanga anapeza kachitini ka polishi pansi pa bokosi la zipangizo zawo. M'katimo munali makhobidi atatu akale, aja anasiya kugulira zinthu ife tisanayambe sukulu. Lililonse linali ndi timanambala todindidwa m'mphepete, tooneka kuti sitinachokere kumene amapanga ndalama.

"Talemera, achimwene!" anatero mng'ono wanga. "Zokhala ndi zizindikiro chonchi anthu amazilimbirana. Ine galimoto ndasankha kale."

"Uyambe wagula mabuleki a njinga yako ija," anamuyankha mlongo wanga.

Ine sindikonda kugulitsa chinthu chimene sindikuchidziwa. M'mawa mwake ndinapita nacho kachitiniko kwa amisiri odula makiyi, mkulu amene anagwira ntchito ndi Bambo m'kashopu kamodzi zaka makumi awiri. Anathimitsa makina, napukuta manja, n'kuika galasi lokuzira padiso.

Sanachedwe. Anaseka, kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa kachitsulo konga msomali waukulu.

"Taona 6 uyu pakhobidipa, mchira wake ndi wothyoka. Chidindo chake ndi ichi, timadindira manambala pamakiyi. Ntchito ya atate ako imeneyi. Mwana aliyense ankamudindira tsiku lake pakhobidi. Ankati pepala limadyedwa ndi chiswe."

Anayamba kuwerenga. Loyamba linali 6.11, tsiku lobadwa mlongo wanga. Lachiwiri 26.4, la mng'ono wanga. Ndinamwetulira, kudikira langa, chifukwa ndinabadwa pa 2 Febuluwale.

"16.8," anawerenga amisiri.

"Onaninso bwino, madala."

Anandipatsa galasilo. Manambala ake anali akuya kuposa a makhobidi enawo, ndipo panalibe chokayikitsa.

"Ndiye kuti analakwitsa," ndinatero.

"Munthu uja kulakwitsa nambala? Ankayeza kiyi katatu asanaikhudze ndi tupa." Atangotero anakhala ngati adziluma lilime. Anabweza chidindo m'dirowa, nayatsa makina ngakhale panalibe kiyi yodula. "Kafunse amayi ako," anakuwa m'phokosomo, osandiyang'ana.

Njira yonse miyendo inkangoyenda yokha. Ana tilipo atatu, makhobidi atatu, koma langa palibe. Kapena Bambo anali ndi mwana wina kunja, kapena ineyo sanandiwerengere pa ana awo. 

Amayi ndinawapeza pakhonde akusita malaya a Bambo oti agawire abale. Ndinaika khobidilo pathebulo, pafupi ndi simbi.

"Amayi, pa 16 Ogasiti anabadwa ndani?"

Anaimika simbi. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pampando.

"Sanabadwe munthu. Ndi tsiku limene ndinalowa nawe pakhomo pano, uli kumbuyo. Unali ndi chaka ndi theka."

Sindinamve bwino, kapena ndinamva koma mutu unakana.

"Amene anandipatsa mimba yako anathawa usanabadwe. Atate akowa anandipeza ndili nawe kale."

"Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, Amayi!"

"Ndikudziwa zaka zako, ndinakubala ndine."

"Nanga anthu aja amati ndinatengera Bambo mayendedwe?"

"Unatengeradi. Unkawatsatira pambuyo ngati mchira, ukanayenda ngati ndani?" Anapukuta maso ndi kolala ya malaya aja. "Anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuze. Tsiku limenelo atakunyamula unawanyowetsa malaya atsopano. Iwo kuseka, amvekere, 'Bwana asayina, ntchito ndayamba.' Anangosintha malaya n'kuthamangira kushopu. Pobwera anali ndi khobidi limeneli, chala atachiphwanya ndi hamala."

Chala chimenecho ndinkachidziwa. Chikhadabo chake chinali chopindika moyo wawo wonse, ndipo tikafunsa ankati chinalumidwa ndi loko wolusa.

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni, nditavala buluku la kuntchito. Ndinafuna kukwiya koma sindinapeze womukwiyira. Munthu amene ndikanamufunsa tinali titamukwirira kale.

Mng'ono wanga analowa pageti akukankha njinga yake. "Ndiye akuti zingati, achimwene? Mwakhala pansi chifukwa cha kuchuluka kwake?"

"Sizogulitsa," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. Ndinatsegula kachitini n'kumupatsa lake. "Ili ndi lako. Ilo ukapatse mlongo wako."

"Nanga lanu?"

Amayi anandiyang'ana osaphethira.

Ndinatola lija linali pafupi ndi simbi. Linali lofunda. Nditalitembenuza ndinaona chimene galasi la amisiri silinandionetse: Bambo anamenya mwamphamvu kwambiri moti manambalawo anatumphukira kuseri, ndipo ndinkawamva ndi chala.

"Langa ndi ili," ndinatero, n'kuliika m'thumba la malaya.