Mtima wa Mwana Unaunikidwa ndi Dzanja la Amake

Mwana wa Ezelina anabadwa masiku asanakwane, ndipo chibadwire ankapuma mwaphuma, nthiti zikuchita kuwerengeka. Akati ayamwe, ankatopa asanakhute. Dokotala wa pachipatala ku Nyimba atamumvetsera pachifuwa anati mtima ukumveka mwachilendo, choncho adikire a Keziah Mwanza, amene ankabwera kuchokera ku Petauke ndi makina a sikani ounikira mitima ya makanda.

Koma apongozi ake a Ezelina, amene anachokera ku Ndake kudzadikirira, matendawo anali atawapeza kale popanda makina. Kwawo mwana amene mchombo wake sunagwe ndi wozizira, sagwiridwa ndi munthu wotentha, ndiye kuti aliyense amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi wake. Apa anamwino anali atamugwiragwira ngati tomato wa pamsika. Si tsempho nanga n'chiyani? Anamanga katundu, nati mwana akasambitsidwe mankhwala kumudzi. Ezelina anali asanawatsutsepo apongozi akewo chikwatiwire. Ndipo kunena zoona, mantha a tsemphowo nayenso anali nawo.

A Keziah anafika katundu ali kale pakhomo. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, mphete yaukwati ikuwala pachala. Apongozi aja anangoona mpheteyo n'kuima pakati pa iwo ndi bedi.

"Uyu mwana simumugwila. Amutentha kale anzanu."

Akanakhala wina, akanayamba ulaliki wa zachipatala, katundu n'kunyamuka ulaliki uli mkati. A Keziah anangoseka.

"Amai, sininganame, amuna anga alipo, ndipo ni amoyo ndithu. Sinizamugwila. Nanga amake ni ololedwa?"

"Amake ni amake."

"Basi. Amake mwana, bweletsani dzanja."

Anamuthira Ezelina mafuta oterera m'manja kuti awafunditse kaye, kenako apake yekha pachifuwa cha mwanayo. Anamugwiritsa kachipangizo kounikira, kochepa ngati chitsononkho, iwo n'kugwira mkono wa Ezelina n'kumauyendetsa. Apongozi anafunafuna cholakwa, osachipeza.

Ntchito ya kanthawi kochepa inasanduka chintchito. Dzanja la Ezelina linali losazolowera, chithunzi chikabwera n'kuthawanso. A Keziah anawerama mpaka thukuta linatsikira m'khosi, koma osadandaula ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Pendeketsani pang'ono. Osakanikiza. Apo, apo, imani." Ezelina anawayang'ana chamumbali, mtima wake n'kudzala ulemu. Munthu wodziwa ntchito chotere, kulolera kubwereka dzanja la mlimi wa thonje!

Kenako pagalasi la makinawo, m'kati mwa zotuwatuwa, munaoneka kanthu kotseguka ndi kutsekeka mofulumira.

"Mtima wa mwana wanu uyo," anatero a Keziah.

Ezelina anayang'anitsitsa pagalasipo. Sanaganizepo kuti munthu angaone mtima wa mwana wake mwanayo ali moyo.

A Keziah anakanikiza batani, pagalasi panatuluka zofiira ndi zabuluu, ndipo analoza ndi chala. Anafotokoza kuti pali kamtsempha kamene mwana aliyense amakhala nako m'mimba, kamene kamatsekeka kokha akabadwa. Ka mwanayu kanali kakadali kotseguka, magazi ambiri n'kumapita kumapapo, n'chifukwa chake ankabanika.

"Mankhwala othandiza kuti katsekeke alipo, adokotala angayambe lelo. Sinikulonjezani, tizamuunikanso tione. Mankhwala akakana, kuli chipatala chachikulu ku Lusaka. Koma mukapita naye kumudzi manje, asanalandile mankhwala, ningakuuzeni zoona, nili na mantha."

Apongozi anakonza chitenje m'chiuno, nati, "Tamva. Ezelina, nyamula mwana."

Ezelina sanamunyamule mwanayo. Mafuta aja anali akadali m'manja mwake. Anagwada pansi mwaulemu, monga analangizidwira, n'kuyankhula momveka bwino.

"Amama, munikhululukile. Imwe pitani. Ine mtima wake nauona neka, uvutika. Mwana wanga sachoka pano."