Mboni ya Nambala 14

Ku Laurel Gap munthu akhoza kukhala meya, m'busa, ngakhale dotolo wong'amba anthu m'mimba, koma ngati jezi yake siili kudenga la holo ya koleji, ameneyo ndi munthu wamba ngati ine ndi inu. Jezi ikakwera kumeneko ndiye kuti nambala yake yapuma, palibenso mwana wa munthu adzaivale pabwalo la basiketibo la kolejiyo. Orval Sizemore ankafuna chimenechi basi. Sankanena, poti sanali munthu wonena zofuna zake, koma mkazi wake Geneva ankadziwa, tauni yonse inkadziwa, ndipo Loweruka lililonse pamasewero anthu ankamuona akukweza maso kuyang'ana mpata umene unali pafupi ndi nambala 32.

Nambala 32 inali ya Dewey Caudill, ndipo inakwera kalekale. Awiriwa anakulira m'khwawa limodzi, abambo awo ankalowa mgodi umodzi wa malasha, kenako anasewera limodzi ku koleji m'zaka za m'ma 1970, pamene timuyo inkaopedwa kum'mawa konse kwa Kentucky. Dewey ankamwetsa zigoli. Orval, wa nambala 14, wamfupi, wamiyendo ya matewe, ankapatsira mpira, ndipo ankapatsira ngati ali ndi maso ena kunkhongo. Tsoka lake linali lakuti masiku amenewo wolemba patebulo ankalemba dzina la womwetsa yekha. Amene wapereka mpirawo panalibe womuwerengera. Zoti wopatsira nayenso azilembedwa zinadzayamba iwo atasiya kale. Choncho m'mabuku a koleji Dewey anali chimphona, pamene Orval anali kamunthu kongothamanga nawo. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina.

Panalinso lamulo lakuti wopanda digiri jezi yake sikwera. Orval anasiya sukulu kutangotsala miyezi yochepa, mwala utaphwanya msana wa bambo ake, nalowa iyeyo mumgodi kuti azing'ono ake adye. Anatulukamo atakalamba, ali ndi fumbi la malasha m'mapapo ndi chifuwa chimene madotolo anali atasiya kumunamiza nacho.

Amene anadzutsa nkhaniyi anali Dewey mwini wake, tsiku la maliro a kochi wawo, ataima kumanda.

"Iwe Orval, ukudikira chiyani, imfa? Komiti ya majezi ija wapampando ndine tsopano. Kamalize kadigiri kakoko, zotsalazo undisiyire ine."

"Pa msinkhu uno? Ndikakhale padesiki ndi ana oti ndi adzukulu anga?"

"Kakhale basi. Mutu wakowo unali wouma kale, sungaumenso kuposa pamenepo."

Anaseka mpaka anamfedwa anawacheukira. Ndipo Orval anapitadi. Maphunziro ambiri akale anamuuza kuti abwereze, choncho zaka ziwiri anakhala pamzere wakutsogolo chifukwa cha makutu, akujompha kompyuta ndi zala ziwiri, ana a m'kalasi akumutcha agogo. Panali masiku ankabwerera kunyumba manyazi atamugwira, mphunzitsi wa msinkhu wa mwana wake atamubwezera ntchito yofiira ndi inki. Koma anamaliza. Tsiku lovala gauni Geneva analira, Dewey anaimba likhweru kuchokera kumipando yakutsogolo mpaka mkulu wa koleji anasokonezeka powerenga mayina.

Komitiyo inkakumana kamodzi pachaka, mwezi wa Febuluwale, ndipo inkakweza jezi imodzi yokha. Dzina likagwa linkadikira zaka zisanu lisanabwerenso. Orval ndi chifuwa chake ankadziwa kuti zaka zisanu alibe.

Masana a tsiku la msonkhanowo Geneva ankasita malaya ake oyera uku akuyankhula ndi simbi m'malo moyang'ana mwamuna wake.

"Inu mumamukhulupirira kwambiri Dewey. Munthu woti nkhani zake zonse zimayamba ndi ine, kuthera ine."

"Ndi kayankhulidwe kake basi. Mtima wake ndi wabwino."

"Mtimawo sindinauonepo. Ine ndimamva pakamwa."

"Ndakula naye munthu ameneyu, Geneva. Tinkagawana chigumu chimodzi kusukulu."

"Ndiye ankatenga mbali iti? Valani, tichedwa."

Msonkhano unali m'chipinda cha alendo, pamwamba pa holo. Panali nkhuku yokazinga, nyemba ndi tiyi wozizira, pakuti kwathu kuno palibe chimene chimagamulidwa anthu ali ndi njala. Mwambo wake unali wakuti mwini jezi akhoza kukhala kumbuyo n'kumamvera, koma sayankhula, ngakhale kutsokomola azichita mosamala. Omuyankhulira ndi mboni. Orval ndi Geneva anakhala pamipando yachitsulo pafupi ndi khomo. Patebulo panali anthu asanu, ndipo kupatula Dewey, onse anabadwa Orval atalowa kale mumgodi.

Dzina lina linali la Trey Ballard, amene anasewera posachedwapa. Ameneyo sanabwere n'komwe, anangotumiza kanema. Anazimitsa magetsi, khoma lonse linadzaza ndi Trey akulumpha, Trey akumwetsa, Trey akupatsira, chilichonse chili ndi chiwerengero chake pansi. Anali katswiri ndithu, Orval sakanakana. Sanade nkhawa, chifukwa Trey anali ndi zaka zambiri zodikira, ndipo Dewey anali atanena kuti komiti ikudziwa zimenezo.

Magetsi atayakanso, Mayi Shelby Napier, mkulu wa zamasewero pakolejipo, anatembenukira kwa wapampando. Anali mayi waulemu, ndipo zinkaoneka kuti ankafuna kuthandiza.

"A Caudill, za a Sizemore tilibe kanema, ndipo mabuku akuonetsa zigoli zochepa. Kochi wanu anatisiya, anzanu ena a mutimu ija nawonso anapita. Mwatsala ndinu. M'tauni muno achikulire amati zigoli zanu zambiri zinkachokera m'manja mwa a Sizemore. Mukangotiuza kuti ndi zoona, ine ndilibe funso lina, ndipo ndikhulupirira anzangawa alibenso."

Anzakewo anagwedeza mitu movomereza. Orval anapuma mpweya wautali, mtima uli m'malo. Funso lophweka ngati limeneli, kwa munthu amene analandira mipirayo ndi manja ake.

Dewey anapukuta zala ndi kapepala, chala chimodzichimodzi, osafulumira.

"Orval ndi m'bale wanga," anayamba choncho. "Munthu wolimbikira ngati ameneyu simungamupeze. Kokonzekera masewero ankafika woyamba, kuchoka womaliza. Anasiya zonse kuti asamalire bambo ake. Ndiye taonani digiri iyi, pa msinkhu umenewu. Ndani wa ife angachite zimenezo?"

"Zimenezo tonse tikuzilemekeza," anatero Mayi Napier. "Koma pabwalo?"

"Pabwalo ankayesetsa." Dewey anayang'ana m'tambula mwake. "Mukudziwa, mayi, anthu akamakalamba nkhani zimanenepa. Ine sindingabwere pano kudzakunamizani chifukwa cha ubale. Mpira nthawi zambiri ndinkadzipezera ndekha. Mulungu anandipatsa dzanja, ndi mmene zinalili. Wina aliyense akanaima pamalo a Orval paja, zigolizo zikanalowabe. Koma ngati munthu, eee, palibe womuposa."

Orval anamva mawu onsewo bwinobwino, makutu ake ovuta aja sanamubisire ngakhale limodzi. Poyamba anayembekezera kuti Dewey aseka, anene kuti akucheza, poti nthabwala zake zinali zotero. Dewey sanaseke. Anatenga mwendo wina wa nkhuku. Apo m'pamene Orval anadziwa kuti si nthabwala. Zinamuwawa kwambiri, kuposa tsiku limene dotolo anamuonetsa chithunzi cha mapapo ake. Zaka ziwiri padesiki, akuchitidwa chipongwe ndi inki yofiira, chikhalirecho amene anamutuma anali kumugwiritsa fuwa la moto.

Geneva anayamba kudzuka, mpando unalira. Orval anamugwira dzanja n'kumukhazika pansi. Ngakhale pamenepo ankasungabe mwambo, munthu womvetsa chisoni.

Anavota pokweza manja. Dzina la Trey Ballard litatchulidwa, manja anayi anakwera, la Mayi Napier mochedwa pang'ono. Litatchulidwa la Orval Sizemore, dzanja limodzi linakwera, lalitali, lowongoka, la Dewey Caudill. Analisiya m'mwamba nthawi yaitali kuti aliyense alione.

"Umenewu ndiye ubwenzi," anatero bambo wina wa m'komitimo, akumusisita Dewey paphewa. "Mwanena chilungamo, komabe mnzanu simunamutaye."

Orval anatsika masitepe atagwira chitsulo, akupuma movutikira. Kunja dzuwa linalipo koma lopanda ntchito, mphepo ikuluma. Geneva analowa mupikiapu n'kumenyetsa chitseko. Iye anaima kaye atatsamira galimotoyo kudikira kuti chifuwa chiphwe, ndipo m'maganizo mwake anayamba kale kumufunira Dewey podzikanira. Mwina ndi ukalamba. Anthu amaiwala. Munthu ukanena nkhani imodzi pamaphwando zaka makumi anayi, umayamba kuikhulupirira wekha. Zikanakhala choncho akanamukhululukira, pakuti matenda si mlandu.

Posakhalitsa Dewey anatuluka akutsimphina, jekete lili paphewa.

"Waona, m'bale wanga? Ine dzanja ndinakweza. Ana awa mpira sakuudziwa, amangodziwa makanema."

"Dewey, tandikumbutsa. Fainolo ija, tikutsalira ndi chigoli chimodzi, nthawi ikutha. Mpira unaupeza bwanji?"

Nkhope ya Dewey inawala ngati ya mwana.

"Ija? Iwe, ndingaiwale ija? Anakupanikiza awiri pakona, wina chimunthu chachitali chometa mpala chija. Ine ndinazembera pansi pa neti, sindinakuitane n'komwe. Iwe maso uli kwa kochi ngati ukufuna kupempha kupuma, basi n'kuugunditsa pansi, kudutsa pakati pa miyendo ya chimunthucho. Unandifika m'manja ngati wachita kuikidwa. Ine ndinangoukankha. Ngakhale Geneva akanamwetsa chimene chija." Anaseka, akuchita kuonetsa ndi manja. "Ndipo zonse zinali choncho, Orval. Ine ndinkangothamanga, ndikatambasula manja ndipeza mpira ulimo kale. Sindinaonenso munthu wopatsira ngati iwe, ngakhale awa a pa TV."

Ndiye sanaiwale kanthu. Ankakumbukira mpala wa munthu, ankakumbukira kumene maso a Orval anayang'ana. Zonse anali nazo, zosungidwa bwino, ndipo anadikira kuti adzazitulutse pano, poimika magalimoto, pomwe omvera anali mwini wake yekha ndi mayi wotseka mawindo.

"Nanga m'mwambamo bwanji sunanene zimenezi?"

Dewey anasiya kuseka. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva.

"Iwe, tamvetsa. Jezi yanga ili kudenga zaka zonsezi. Adzukulu anga amabwera ndi anzawo kudzailoza. Ndiye ndiime pamaso pa ana aja ndinene kuti ine ndinali wongokankha?"

"Palibe akanaitsitsa."

"Sakanaitsitsa, inde. Koma akanayamba kuiyang'ana mwamtundu wina. Iwe sungadziwe mmene zimakhalira."

"Zoona, sindingadziwe," anatero Orval. "Nanga unanditumiranji kusukulu?"

"Ndinkayesa sumaliza."

Ananena mosavuta, ngati munthu wonena za nyengo, kenako anazindikira chimene wanena n'kuyamba kukonza kolala ya jekete. Orval anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya sanakalipe. Analoza windo la chipinda cha pamwamba, pomwe Mayi Napier ankaoneka akudula keke.

"Onse akadali momwemo. Wapampando ndiwe, ukhoza kuwakhazikanso pansi. Kwera ukanene zimene wandiuza panozi. Fainolo yokhayo basi, zinazo usiye. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire, Dewey. Ndikukupempha ichi."

Dewey anakweza maso kuyang'ana windolo. Anaima choncho kanthawi ndithu, mpaka Orval, wopusa mpaka mapeto, anayamba kuganiza kuti akwera. Kenako Dewey anayamba kupapasa m'matumba kufuna makiyi.

"Masitepe amene aja ndi mawondo angawa, wandionanso mmene ndatsikira. Tidzakambirana bwino Loweruka, wamva? Usaime pamphepo ndi chifuwa chakocho."

Anamugwira paphewa n'kutembenuka kulunjika ku galimoto yake. Kwa munthu wa mawondo owawa, ankayenda mofulumira ndithu.