Mabedi a Pafupi ndi Chitsime

Msana unamugwira Jonsaba Ceesay Lachiwiri m'mawa ali pachitsime cha m'dimba, ndowa ili pakati pa ulendo. Anangomva kuti thyo! kumunsi kwa msana, moto n'kutsetsereka ndi mwendo wakumanzere mpaka kuchala chachikulu. Chingwe chinapulumuka m'manja, ndowa n'kubwerera komwe inachokera. Amayi anzake atacheuka, iye anawauza kuti chingwecho n'choterera, ndipo amene anakachigula anagula ali m'tulo. Kenaka anauyamba wa kunyumba, ali chiwongokere ngati wasenza mazira.

Musamuweruze msanga pa bodza limeneli. Dimba la amayi la m'mudzi mwathu lili ndi chitsime chimodzi chokha chosaphwa m'chilimwe, ndipo Jonsaba anali ndi mabedi asanu ndi awiri oyandikana nacho. Anamusiyira ndi mayi ake, amene anazula okha minga pamalopo. Tsono dimbali linali ndi lamulo lake: mwini bedi azithirira yekha, mwamuna asalowe, waganyu asalowe, ndipo bedi likauma masiku atatu lipite kwa mayi amene akudikira malo. Amene analimbikira kuti lamuloli likhazikitsidwe anali Jonsaba yemweyo. Ndiyenso anaphunzitsa anthu kapimidwe kake: kupisa chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Zaka ziwiri zapitazo chala chake chinalanditsa mabedi a Nyima, mtsikana wokwatiwa m'mudzimo, amene anapita kukadwazika mayi ake kutsidya kwa mtsinje. Tsiku limenelo Jonsaba ananena kuti anyezi samva za odwala. Kuyambira pamenepo Nyima anali woyamba pa mndandanda wa odikira.

Lachitatu mwamuna wa Jonsaba, Burama, anamukweza pangolo ya bulu mpaka kumsewu, n'kupita naye kuchipatala ku tauni ya Farafenni. Dokotala anamugoneka, anamutukula mwendo, Jonsaba n'kutchula mayina a makolo ake onse. Ndiye dokotalayo anafotokoza kuti pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa, ndipo kamodzi kafinyika n'kutulukira pambali, kakupsinja mtsempha wa mwendo. Anati si za opaleshoni ayi, koma kwa masabata asanu ndi limodzi asawerame, asatunge madzi, asanyamule cholemera kuposa ketulo. Aziyenda pang'onopang'ono, azimwa mankhwala, m'mawa uliwonse azichita timasewero ta pamkeka. Jonsaba anafunsa kuti nanga anyezi amuthirira ndani. Dokotala anayankha kuti iye anaphunzira za anthu, za anyezi akafunse kwina.

Kunyumba kunali chiphwete. Mayi wazaka makumi asanu ndi zisanu atagwada pamkeka, manja pansi, akukunga msana ngati mphaka wodzuka kumene! Burama anayesa kudzigwira, koma tiyi anamutulukira m'mphuno. Kuswali kumene Jonsaba ankaswali atakhala pampando, chitseko chili chitsekere kuti oyandikana nawo asaone. Ana ake aakazi onse atatu anakwatiwa kutali, ndipo ngakhale akanakhala pafupi, lamulo linkati mwini bedi yekha.

Mawu a dokotala akuti ketulo ndi amene anamupatsa nzeru. Madzulo a Lachitatu lomwelo, anthu atachoka m'dimba, analowa ndi ketulo yapulasitiki yosambira m'manja, n'kumawaza madzi pamwamba pa mabedi kuti dothi lioneke lakuda. Lachinayi anatero. Lachisanu anateronso. Koma abale inu, ketulo imodzi pa mabedi asanu ndi awiri, nyengo ya mphepo yafumbi? Nsonga za anyezi zinayamba kuchita chikasu, ndipo mtima wa Jonsaba unkawawa kuposa mwendo.

Lachisanu lomwelo ndi pamene Filije Touray anamupeza. Filije anali mayi wa msinkhu wake, wamfupi, wonenepa, wa mawu omveka mpaka kumsika. Ndipo monga mudziwa, mafuko a Ceesay ndi a Touray ali pa ubale wachipongwe kuchokera kwa makolo. Amatukwanana pa ukwati, amatukwanana pamaliro, aliyense amati mnzakeyo ndi kapolo wake, koma kukwiyirana n'koletsedwa. Wa Touray akakutengera chinthu, iwe wa Ceesay sulanda ndi mphamvu, umangoseka n'kufunsa chowombolera. Awiriwa anakula akutero kuyambira ali ndi mano amkaka, ndipo palibe anagonjapo.

Mphepo inaulutsa duku ya Jonsaba n'kuigwetsa pakanjira. Iye anayang'ana uku ndi uku, n'kuitola ndi zala za kuphazi. Atatukula maso anaona Filije ataima pa mpanda, manja m'chiuno.

"Kapolo wanga," anatero Filije, "kodi mwayamba liti a Ceesay kudyera kumapazi?"

"Choka apa iwe. Wamva fungo la mpunga kuti? Kuno kulibe mphika woti unyambite."

Filije analowa m'dimba. Anabwera, anawerama, anapisa chala m'bedi loyamba. Chinatuluka chili mbuu. Anayesa lachiwiri, chimodzimodzi. Anayang'ana ketulo, anayang'ana mmene mnzakeyo waimira, n'kufunsa ngati anyeziyo akumuthirira kapena akungomusukusula kumaso.  Pamenepo Filije anatola khasu la Jonsaba, lija la mpini waufupi ngati mkono, anatola ndi ndowa yomwe, n'kunena kuti katundu wa kapolo ndi wa mbuye wake. Anachoka akuimba nyimbo yonyoza a Ceesay, Jonsaba n'kutsala ataima ndi ketulo yake.

Anachita mantha, tisabise. Loweruka linali tsiku loyendera mabedi, ndipo pakamwa pa Filije sipagona nkhani. Anakumbukira mawu aja akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Iye mlomo wake anali atausiya pa bedi lililonse m'dimbamo.

Loweruka amayi onse anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. A Satang, apampando a dimba, anayenda bedi ndi bedi monga mwa masiku onse, ndipo atafika pa mabedi a pachitsime anapisa chala, anachiyang'ana, anapisanso. Chala chinatuluka chouma. Anafunsa Jonsaba ngati ali ndi mawu. Jonsaba anaulula zonse: ndowa, Farafenni, kapilo kotuluka, ketulo. Pa nkhani ya ketuloyo ena anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. A Satang anati n'zomvetsa chisoni, koma lamulo ndi lamulo, ndipo mwini lamulolo ndi amene akulidziwa bwino. Nyima anangoyang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala cha kuphazi.

Filije anadzuka, anamanga nsalu yake bwinobwino, n'kupempha kuti ayankhule.

"Amayi apampando, lamulo likuti mwini bedi athirire yekha. Chabwino. Nanga mwini mabedi awa ndani? Uyu ndi Ceesay, kapolo wa agogo anga. Khasu lake lili kwanga, ndowa yake ili kwanga. Mabediwa ndi anga. Ine ndiye ndachita ulesi, ndawasiyira wantchito wopanda msana. Kuyambira lero ndithirira ndekha."

Dimba lonse linafa nacho chiseko. A Satang anadikira kuti phokoso lizizire, akupukuta misozi. Anati mawu amenewo akhala akuwamva kuyambira ali mwana, koma vuto n'lakuti a Ceesay nawonso amanena zomwezo za a Touray, ndipo mlanduwo sunagamulidwepo. Ngati Jonsaba avomere ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu onse, iwo alemba kuti mabediwo mwini wake ndi Filije mpaka msana utachira. Ngati akana, mabedi apita kwa odikira lero lomwe.

Inu simudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Mayi ake a Jonsaba anamwalira akutcha a Touray akapolo, ndipo mawu awo omaliza kwa amake Filije anali akuti asakadye mpunga wambiri pamaliro awo. Jonsaba anayang'ana anyezi wake. Anayang'ana pomwe panali chitsa cha mtengo waminga chimene mayi akewo anachikumba sabata yathunthu. 

"Ndine kapolo wa a Touray," anatero chapansipansi.

"Sindinamve, makutu anga ndi achifumu," anatero Filije, dzanja lili kukhutu.

"Ndati ndine kapolo wa a Touray, chimimba iwe!"

Nthungululu zinamveka mpaka kusukulu. Wina anagubuduza beseni n'kuyamba kuliomba, Filije n'kulowa m'bwalo kuvina, fumbi lili koboo. Naye Jonsaba anaseka, ngakhale kuseka kulikonse kunkamubaya m'mwendo. Mabedi anali atapulumuka. Koma ali mkati moseka anaona Nyima. Mtsikanayo ankawomba m'manja limodzi ndi anzake, akuseka ndithu, ngakhale malo anali atamudutsa kachiwiri. Mayi ake atadwala, iyeyu analibe wa Touray woti amulande khasu. Chiseko chinamuthera Jonsaba pakamwa, manyazi n'kumugwira.

Anakweza dzanja, beseni n'kukhala chete. Anati kapolo ali ndi pempho kwa mbuye wake. Mbuyeyo ndi wokalamba, waulesi, ali kale ndi mabedi ake asanu, ndipo khumi ndi awiri akomoka nawo mawa lomwe. Apereke atatu kwa Nyima, osati obwereka ayi, akhale ake.  Filije anati sanaonepo kapolo wogawa chuma cha mbuye wake chonchi, koma poti lero ndi tsiku la chisangalalo, zitero. A Satang analemba. Nyima anaphimba nkhope ndi nsalu.

Mawa lake Filije anabweza khasu, koma linali litasintha. Anakaliikitsa kwa mmisiri mpini wautali wofika paphewa, wonga wa tsache la kuchipatala. Kuno mayi wolima ataimirira amatchedwa mlesi, ndipo amene ankanena zimenezo mokweza kuposa onse mukumudziwa. Jonsaba analilandira, analiyesa, n'kupeza kuti udzu ukuzuka msana osadandaula. Anati n'khasu loipa, la anthu opanda ulemu, ndipo sanalisiyenso.

Masabata amenewo anaphunzira zambiri zimene sakanavomera kuti waphunzira. Nazale ya tsabola anaifesa m'mabeseni akale, Burama n'kuwasanjika pa njerwa kunja kwa mpanda, poti mkati sakanalowa. Powokera mbande ankagwada pa thumba lodzaza makoko a mtedza, msana uli chilili, ndipo akatha mzere umodzi ankadzuka n'kuyenda mpaka pa mango n'kubwerera. Filije ankathirira mabedi anayi aja akutukwana, iye ankamulipira pomusankhira mbewu ndi kumumangira mitolo ya chidede atakhala pampando, akubweza matukwano onse. Masiku ena mwendo unkabwerera ndi moto wake, iye n'kugona chagada pansi pa mango, mapazi atawasanjika pa ndowa, akulangiza dimba lonse ali chigonere. Pa msonkhano wotsatira amayi anagwirizana kuti wodwala ndi wodwazika asamapimidwe ndi chala. Jonsaba sanatsutse. Ena amati ndi tsiku lokhalo limene anamuona akuvomereza mfundo ya munthu wina.

Anyezi anakhwima mochedwa, koma anatupa ngati zibakera. Pokolola Filije anabwera kudzatenga msonkho wa mbuye. Anazungulira mulu wonse, anasankha anyezi mmodzi wamkulu kuposa onse, anamuika m'nsalu, n'kulengeza kuti kapoloyo wamumasula chifukwa amadya kwambiri. Jonsaba anayankha kuti mawu aja anawanena ndi msana, osati iye, ndipo a Touray akadali akapolo mpaka tsiku lachiweruzo.

Kuthirira anayambiranso yekha, ndi kakheni kakang'ono, maulendo ambirimbiri. Koma kukoka ndowa m'chitsime dokotala anakaniza ndithu, ndipo zimenezi zinkamudetsa nkhawa, poti Filije anali atabwerera ku mabedi ake. M'mawa woyamba anafika ndi kakheni kake, akuganiza za amene angamupemphe ndi mmene angayambire. Anapeza beseni lalikulu lili pamutu pa mabedi ake, lodzaza mpaka m'milomo. Chapafupi, pa mabedi atatu aja, Nyima anali chiweramire, akupalira, osacheuka.

Jonsaba anaima pamenepo, mayi amene sanasowepo chonena chibadwire. Anamiza kakheni m'madzimo n'kuyamba kuthirira.